A Nambewe ndi moto wa boma

Uthenga woti a Nambewe atisiya unatipeza Lachinayi m'mawa, kuno kutsidya kwa nyanja komwe timakhala, ena ali m'basi kupita ku ntchito ku Malaga, ena akungoweruka shifiti. Pa gulu lathu la pa foni anthu analemba mawu achisoni omwe timalemba nthawi zonse, koma funso lomwe linali mumtima mwa aliyense palibe analilemba. Tipite kunyumba ya maliro, kapena tikhale? Kwathu munthu akamva zovuta amangomanga chitenje n'kunyamuka, safunsa. Koma pakhomo pamenepo tinathamangitsidwapo kale pa maliro, masanasana, ndipo amene anatithamangitsayo, mwana wawo Ravi, ndiye anali atatsala mwini nyumba.

Dzinali limasocheretsa, ndiye ndiyambe ndanena kuti a Nambewe sanali Mchewa. Anali mmwenye wobadwira kum'mwera kwa India, ndipo pa pasipoti panalembedwa Saroja. Anapita ku Malawi atangokwatiwa kumene, kutsatira amuna awo a Raman, omwe anakaphunzitsa masamu pa sekondale ina kunja kwa boma la Dedza. Anakhala kumeneko mpaka imvi zinamera. Ravi atapeza ntchito ya uinjiniya ku mafakitale a kuno ku Kwinana anawaitanitsa makolo akewo, n'kuwapezera kanyumba ku Bentley, mumzinda womwe uno, koyang'anizana ndi paki. Mfunda wa Nambewe anabwera nawo kuchokera ku Dedza, ndipo ukawatchula dzina la pa pasipoti ankachita ngati sanamve.

Ine ndinawadziwira m'basi, chaka changa choyamba pa yunivesite. Ndinali pa foni ndi mchemwali wanga, kudandaula za kuzizira ndi njala, ndipo ndinkalankhula mokweza poganiza kuti m'basi monse mulibe wondimva. Pampando wakutsogolo panakhala agogo achimwenye ovala nsalu ya kwawo ndi juzi lachimuna pamwamba. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Iwe mwana, njala sailengeza m'basi. Kwanu n'kuti?"

Foni inatsala pang'ono kugwa. Ndinayankha kuti ku Lilongwe, ndipo iwo anapukusa mutu ngati ndawauza za matenda.

"N'chifukwa chake. Loweruka ubwere m'mawa, usadye kanthu."

Chichewa chawo chinali cha kumudzi, chakale, chomwe ine ndinasiya kumva agogo anga atamwalira. Tikayamba kusakaniza ndi Chingerezi monga timachitira, ankatiuza kuti tisankhe chimodzi, makutu awo ndi okalamba sangakwere mabasi awiri nthawi imodzi. Ana obadwira kuno, oyankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno, ankawadikiritsa ndi mbale yopanda kanthu mpaka anene kuti zikomo agogo. Makolo tinkayesa zomwezo kunyumba n'kulephera, koma kukhitchini kuja lilime la mwana aliyense linkamasuka.

Chomwe tinkapitira Loweruka chinali dosa wa dzira, chakudya cha m'mawa cha kwawo. Ndi chinthu chopyapyala, chozungulira, chachikulu ngati mbale, chamchere ndi tsabola, dzira litamatirira pamwamba. Anyamata a ku Zambia ankati ndi chapati, mayi ena ankati chitumbuwa chophwatalala, ndipo onsewa ankalandira diso lomwelo. Mu dosa mulibe ufa wa tirigu, mulibe shuga. Ntchito yake inkayamba Lachisanu m'mawa, pomwe ankaviika mpunga m'beseni lina, n'kuviika tinyemba toyera ta kwawo m'beseni linanso. Madzulo ankapera zonsezo mpaka zikhale phala laliwisi losalala. Ku Dedza ankapera pa mphero, kuno anali ndi kamakina kolira ngati chigayo, ndipo ankakanyoza tsiku lililonse lomwe kanawagwirira ntchito.

Kusakaniza phalalo inali ntchito ya a Raman, ndipo sankagwiritsa mthiko. Ankapinda malaya, kusamba mpaka m'chigongono, n'kulowetsa dzanja mumphika. A Nambewe ankati dzanja la amuna awo ndi lofunda, limadzutsa phala, pomwe lawo limaligoneka. Akatha ankavindikira, nthawi yozizira ankaufunditsa mphikawo bulangeti, n'kuusiya ugone. Pofika m'mawa phala linkakhala litafufuma mpaka m'milomo ya mphika, lili thovu lokhalokha, likununkhira kusasa pang'ono ngati thobwa la dzulo. Kupatula ntchito imeneyi, a Raman anali munthu wa nyuzi ndi tiyi wopanda shuga. Ukakhala nawo pafupi ankakufunsa samu ya fomu thuu, ndipo anthu ochita madigiri aakuluakulu tinkapezeka tikuyang'ana kudenga.

Ndaonapo anthu ambiri akuphika, koma manja ngati amenewo sindinawaonenso. Chiwaya chawo chinali chachitsulo, chophwatalala, cholemera, chakuda bii. Chikatentha ankawazapo timadzi ndi zala, n'kumvetsera kulira kwake mutu utapendekeka. Kenako ankatenga anyezi wodula pakati, kumuviika m'mafuta, n'kupukuta naye chiwaya chonse. Chipande chimodzi cha phala pakati, ndipo ndi kumsana kwa chipande chomwecho ankazunguliza kuchokera pakati kupita kunja, kamodzi kokha, dzanja osaima, osabwerera. Phala lisanaume ankaswa dzira ndi dzanja limodzi, kulimwaza ndi chipande mpaka m'mbali, n'kuwazapo anyezi wodula tating'ono, tsabola wobiriwira, tsabola wakuda wopera ndi kamchere. Mafuta a chitowe ankadontheza mozungulira m'mphepete. Pakapita kanthawi m'mbalimo munkadzuka mokha, mofiirira, mouma ngati nkhoko. Ankatembenuza pang'ono kuti dzira lipse, kupinda pakati, basi m'mbale mwako. Ine ndayesa kambirimbiri kunyumba, ndipo wanga amatuluka ngati mapu a Malawi, wautali, wong'ambika mbali ya kunyanja.

Sankalola kuunjika madosa m'mbale kuti anthu adyere pamodzi. Ankati dosa akadikira munthu amafa, ndiye munthu ndi amene azidikira. Tinkadya mmodzimmodzi, ndipo woyamba sanali wamkulu ayi. Ankasuzumira pabalaza, kuyang'ana nkhope zathu, n'kuloza amene njala yamugwira kwenikweni. Sindikudziwa kuti ankaona bwanji. Mwana wasukulu amene wakhala sabata yonse akudya buledi ndi tiyi, atavala bwino, akuseka ngati wina aliyense, ankangomva dzina lake likuitanidwa. Bambo Kachingwe, mkulu wathu Amalawi a dera lino, anadandaulapo kuti kwathu akulu ndiwo amayamba kusamba m'manja. A Nambewe anawayankha kuti mimba yawo ikuoneka kuti inayamba kale kusamba m'manja kunyumba. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola, n'kudikira nthawi yawo.

Mkangano waukulu unali ndi mayi Kachingwe. Mayiwa ndi munthu wamtima wabwino, koma akaona poto wakuda manja amawayabwa. Loweruka lina a Nambewe atatuluka kukaperekeza alendo, mayi Kachingwe anati awathandize agogo. Anatenga waya wokwechera mapoto ndi sopo, n'kuchikwecha chiwaya chija mpaka chinawala. Anachiimika pa sinki monyadira. A Nambewe atalowa anachiyang'ana, n'kukhala pansi pasimenti miyendo atatambasula.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndatsuka, agogo. Chinali ndi litsiro la zaka."

"La zaka, eya. Kuda mwachotsako ndinayamba kukusonkhanitsa ku Dedza inu musanamere mano."

Kuda kuja ndi mafuta ophikika m'chitsulo, ndipo ndi komwe kumachititsa kuti dosa asamatirire. Panapita masabata angapo madosa akung'ambika, a Nambewe akuchinyengerera chiwaya ndi mafuta ndi anyezi. Kuyambira pamenepo mayi Kachingwe anaikiridwa malire. Ankaloledwa kufika pa filiji, osapitirira. Awiriwa ankapatsana moni waulemu kwambiri, ulemu woti ukaumva umadziwa kuti nkhani sinathe.

A Raman anamwalira Loweruka mbandakucha. Lachisanu madzulo anali atasakaniza phala monga mwa nthawi zonse, kulifunditsa bulangeti, n'kukagona. Mtima unaima ambulansi isanafike nawo kuchipatala. Ena mwa ife tinamva pa foni, ena anafika ndi njala yawo ya Loweruka n'kupeza anthu akulira pakhomo. Ravi anali kuchipatala kukonza za thupi. A Nambewe anali kuchipinda, chitseko chotseka, ndipo palibe anafuna kuwavutitsa ndi mafunso.

Tinachita zomwe tikudziwa. Azibambo anatulutsa mipando ndi tebulo pabalaza kuti anthu akhale pansi. Azimayi tinayala zitenje, ena anayamba nyimbo chapansipansi. Mayi Kachingwe anaona kuti pa tsiku lotere malire a filiji sagwira ntchito. Anatuma anthu kukagula nkhuku, anatereka madzi a tiyi, n'kuyatsa mbali zonse za sitovu. Pomwe Ravi ankafika ndi akuluakulu a kwawo, nyumba yonse inali kununkhira anyezi wokazinga, nkhuku zili zodulidwa pa thabwa.

Zomwe sitinkadziwa ndi izi. Kwa anthu a kwawo, m'nyumba momwe mwachitika imfa moto suyaka mpaka mtembo utatenthedwa, pakuti iwo saika m'manda. Chakudya chimachokera kwa anansi, ndipo nyama ndi mazira apabanja sakhudza masiku amenewo. Ravi anachoka ku Dedza ali wamng'ono kukaphunzira ku India, ndipo Malawi yemwe ankamukumbukira anali wa mpira wa mapepala ndi mapichesi. Iye sanaone anthu odzakhuza maliro. Anaona alendo atalowa m'nyumba ya bambo ake, atataya mipando panja, akudula nkhuku thupi lisanazizire. Sindikumuikira kumbuyo, koma nkhope yake ndinaiona, ndipo inali ya munthu wolasidwa.

Anapita molunjika kukhitchini n'kuzimitsa sitovu. Analankhula m'Chingerezi, mosakweza mawu, kuti mipando ibwerere m'malo mwake ndipo aliyense atuluke. Bambo Kachingwe anayesa kufotokoza. Ravi anangotsegula chitseko n'kuchigwira.

Tinabweza mipando. Tinatola zitenje zathu, nkhuku tinaziika m'majumbo, n'kuwoloka msewu kupita mu paki chifukwa palibe anali ndi mphamvu zoyendetsa galimoto. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo. Munthu akhoza kukukaniza ukwati, akhoza kukukaniza chakudya, koma kukuchotsa pa maliro ndiye kuti wakuuza kuti si iwe munthu wake. Mayi Kachingwe ankalira mokweza, manja akununkhabe anyezi. Amuna awo anayang'ana nyumba ija kwa nthawi yaitali.

"Tiyeni tizipita," anatero. "Pakhomo apa tathera pomwepa."

Tikutolera zikwama, chitseko chinatseguka. Anatuluka a Nambewe, chitenje atamanga pamwamba pa nsalu yawo, mphika wa phala uli pamutu, bulangeti likulendewera. Dzanja lina linagwira mphika, lina linanyamula jumbo. Kumbuyo kwawo mayi wina wachimwenye ankawaitana m'chinenero chawo, koma iwo sanacheuke. Anaima m'mbali mwa msewu kudikira galimoto idutse, n'kuwoloka, opanda nsapato.

M'mapaki a kuno khonsolo inaika mbaula zamagetsi zokhala ndi chitsulo chophwatalala pamwamba, zoti aliyense azidina batani n'kuotcha masoseji ake. A Nambewe anatula mphika pambali pa mbaula yotero.

"Mukupita kuti?" anafunsa.

"Agogo, atithamangitsa," anatero bambo Kachingwe.

"Wakuthamangitsani ndani? Ine ndalankhula?" Anavundukula mphika. Phala linali litafufuma mpaka kukhudza chivindikiro. "Mwanayo sanalakwe. Moto wa m'nyumba muja ndi wa makolo athu, suyaka lero. Inunso simunalakwe. Koma uwu ndi moto wa boma, ulibe mwambo. Bambo, dinani apo."

Bambo Kachingwe anadina batani ngati mwana wasukulu. Akazi awo ndi omwe analankhula.

"Agogo, namfedwa saphika. Kwathu sizichitika. Khalani pansi, chonde."

"Kwathunso sizichitika," anayankha a Nambewe, akudula anyezi pakati. "Phala ili anasakaniza amuna anga ndi dzanja lawo dzulo. Lina lotere kulibenso. Mukufuna ndikalithire m'sinki?"

Anapukuta chitsulo chija ndi anyezi ndi mafuta mobwerezabwereza, chifukwa chinali choyera mbee, chosazolowera ntchito yotere. Anathira chipande choyamba n'kuzunguliza. Dosa woyambayo anamatirira, n'kutuluka wong'ambika. Sanamuike dzira. Anamunyamula, kuyenda naye pang'ono, n'kumuika pa udzu pansi pa mtengo. Anatiuza kuti kwawo akhwangwala ndi omwe amadya m'malo mwa anthu omwe anamwalira. Tinaima, Akatolika, a Sabata, a Pentekosite, tonse maso pa udzu. Khwangwala mmodzi anatsika, anayenda mozungulira monga amachitira, n'kujompha. A Nambewe anapumira m'mwamba, n'kubwerera pa mbaula.

"Mazira lero sindigwira," anatero. Anatulutsa thireyi m'jumbo n'kuwapatsa mayi Kachingwe. "Bwerani kuno, mayi. Ndikazunguliza, inu muziswa. Pakati, osati m'mbali."

Mayi Kachingwe anayandikira ngati akupita kuguwa. Dzira loyamba linawagwera m'mbali, ndipo a Nambewe anawayang'ana ndi diso lija la masiku onse, mwakuti ena tinaseka misozi ili m'masaya. Lachiwiri linagwera pakati. Kuyambira apo ntchito inayenda, agogo kuzunguliza, mayi kuswa, bambo kudinanso batani mbaula ikazima. Mbale kunalibe, tinkalandirira m'manja ndi pa zivindikiro, kupsa zala. Ndipo akuzunguliza choncho, maso ali pa chitsulo, anatiuza nkhani yomwe sanatiuzepo.

"Ravi si woyamba. Woyamba anali mtsikana, anabadwira ku Dedza, anakhala miyezi yochepa. Tsiku lomwe anamwalira, mmwenye mnzathu wapafupi anali kutali, msewu utaduka ndi mvula. Tinali awiri m'nyumba, ine ndi aphunzitsi, ndi kamtembo pa bedi. Sitinkadziwa kuti tiyambire pati. Ndiye ndinangoona chitseko chikutseguka, azimayi a m'mudzi akulowa osagogoda. Anatulutsa mipando. Anasonkha moto pakhomo panga penipeni. Ine ndinkadziwa kuti moto suyenera kuyaka, koma ndinalibe pakamwa. Anandigoneka pakati pawo, wina mwendo uku, wina mkono uku, mpaka kunacha. Adzukulu anakumba manda kumanda a mudziwo, pakati pa ana awo. Pobwera kumanda mayi wina wachikulire anati munthu amene waika mwana m'dothi lathu sangakhale wopanda mfunda. Ndi pomwe ndinakhala Nambewe."

Anapinda dosa n'kumupereka kwa mtsikana wina wa ku Kitwe yemwe anali asanadye.

"Ndiye lero ana a azimayi amenewo atuluke pakhomo panga ndi njala? Idyani."

Tinadya. Ine ndinkatafuna ndikulira, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinkawaopa mayi amenewo, mantha omwe umamva ukaima pafupi ndi chinthu chachikulu kuposa iwe. Amuna awo anali atamwalira m'mawa womwewo. Anaphwanya mwambo wa kwawo potuluka m'nyumba, anaphwanya wa kwathu pophika, ndipo anachita zonsezi dosa aliyense, kupatula woyamba uja, akutuluka wozungulira bwinobwino. Iwo sanalawe kanthu. Phala litatha anakokota mphika ndi chala, anapukuta chitsulo cha boma mpaka chinayera, n'kusenzanso mphika wawo. Kutsidya kwa msewu Ravi anali ataima pa geti nthawi yonseyo, manja m'thumba. Sanawoloke, ndipo amayi ake atamudutsa anangowatsegulira chitseko.

Tsiku limenelo sitinagone pa maliro. Tsiku lotentha mtembo tinapita, n'kuima kumbuyo. Ena mwa anthu a kwawo anawajeda a Nambewe kwa nthawi yaitali, kuti ndi mkazi wamasiye wanji wokazingira alendo mazira mu paki tsiku la imfa ya mwamuna wake. Ena anasiya kuwayendera. Iwo nkhaniyo sankaiyankha. Masiku olira atatha anaviikanso mpunga, ndipo Loweruka linabwerera, kungoti tsopano phala ankasakaniza okha. Ankadandaula kuti silifufuma ngati kale, ndipo zinali zoona. Mayi Kachingwe anakhala woswa mazira mpaka mapeto, ngakhale chiwaya sanaloledwe kuchigwira. Ravi akatipeza pakhomo ankagwedeza mutu n'kulowa kuchipinda. Zaka zonsezo sindikumbuka atatilankhulapo mawu opitirira moni.

N'chifukwa chake Lachinayi lija tinasowa chochita. Pomaliza bambo Kachingwe analemba kuti tikumane mu paki madzulo dzuwa lisanalowe, zina tikaonera komweko. Azimayi tinaphikira kwa mayi Kachingwe, nyemba, mpunga ndi masamba, popanda nyama, popanda dzira. Mapoto tinawasiya m'magalimoto. Tinaima pansi pa mitengo titamanga zitenje, gulu lalikulu ndithu, ena omwe anamaliza sukulu kalekale atabwera ndi ana awo. Pakhomo paja panali magalimoto a anthu a kwawo. Palibe mwa ife anayerekeza kuwoloka.

Amene anayamba kuona anali mayi Kachingwe. Anandigwira mkono n'kuloza. Chitseko cha galaja chinali chotsegula, ndipo mkatimo munali sofa ataimikidwa chammbali, tebulo miyendo ili m'mwamba, mipando yosanjikizana. Kenako Ravi anatuluka m'nyumba, malaya atanyowa ndi thukuta. Tsopano ndi bambo wa imvi zake. Anawoloka msewu, anafika pamaso pa bambo Kachingwe, n'kunjuta pansi monga amachitira mwana wa kwathu polankhula ndi akulu. Chichewa chake chinali chija anachisiya ali mwana, chodukaduka, chotuluka movutikira.

"Bambo, amayi amwalira. Mipando ndatulutsa ndekha. Sindidziwa ngati ndachita bwino. Bwerani mugone. Koma sitovu..."

"Tikudziwa, mwanangu," anatero mayi Kachingwe. "Taphikira kwathu."

Bambo Kachingwe anamudzutsa ndi manja awiri. Tinawoloka msewu pamodzi, mapoto pamutu, ndipo pakhomo azimayi achimwenye anasendera kutipatsa malo. Tinagona pabalaza paja mpaka tsiku lotentha mtembo, ife mbali iyi, iwo mbali iyo, pofika tsiku lachiwiri mbali zinasokonekera. Iwo ankaimba zawo ife n'kukhala chete, ife tikayamba zathu iwo n'kukhala chete. Sitovu palibe anaiyandikira.

Papita masabata angapo tsopano. Ravi amakhala kufupi ndi ntchito yake, koma Loweruka lililonse m'mawa amabwera ku Bentley kudzatsegula nyumba, ndipo ife timapita, sindikudziwa kuti kukatani. Kukhitchini kuli zii. Mawindo ndi otseka, mabeseni ndi ovundikira, ndipo fungo la mafuta a chitowe likuchepa sabata ndi sabata, moti tsopano umalimva pokhapokha ukangolowa kumene. Palibe amasuzumira pabalaza kuti aone nkhope zathu. Timabwera ndi tiyi wa m'fulasiki ndi buledi, timakhala pansi, timacheza motsitsa mawu ngati mwini wake ali kuchipinda akupuma.

Pabalaza pakadali popanda kanthu. Pa kapeti pakuoneka mabowo momwe munkaima miyendo ya sofa, ndipo mawu ukalankhula amamveka ngati m'kalasi yopanda ana. Mipando ikadali ku galaja. Loweruka lapitali ndinamufunsa Ravi kuti aibweza liti. Anati iye mwambo wake saudziwa, akudikira kuti ife timuuze tsiku lomwe maliro amatha. Tsikulo linadutsa kalekale, tonse tikudziwa, ndipo palibe wamuuza.